Ka MP3 Kopanira pa Malaya: Kukakonza Bwino Musanatuluke Kukathamanga

Munthu wothamanga ndi foni amakhala ndi ntchito ziwiri, kuthamanga ndi kulondera foniyo. Ikakhala m'thumba la kabudula imamenya ntchafu pa sitepe iliyonse n'kumakokera kabudulayo pansi. Ikakhala m'manja, phewa la mbali imeneyo limauma, thukuta limalowa polowetsera tchaja, ndipo tsiku lopunthwa pamwala galasi limapita. Onjezerani mauthenga a pa WhatsApp amene amadula nyimbo pakati, komanso maso a akuba m'mamawa kusanayere bwino. Foni zambiri za masiku ano zimalemera magalamu pafupifupi 200, pamene ka MP3, kachipangizo koimbira nyimbo kopanira pa malaya, sikafika ngakhale magalamu 30.

N'chifukwa chake kachipangizo aka sikanathe ntchito. Apple inatulutsa iPod Shuffle mu 2005, chaka chotsatira n'kuiwonjezera chopanira, ndipo mtundu wake womaliza wa mu 2010 unkalemera magalamu 12.5 okha, wosunga nyimbo za 2GB, batire lake lokhala maola 15. Anasiya kuipanga mu 2017. SanDisk inayamba ndi Sansa Clip mu 2007, kenako Clip+ yokhala ndi polowetsa memori, pambuyo pake Clip Sport ndi Clip Jam. Sony ili ndi Walkman yovala m'mutu, imene mahedifoni ndi MP3 zili chinthu chimodzi popanda chingwe cholendewera. Ndiye pali tambirimbiri topanda dzina lodziwika tomwe tadzaza m'mashopu a zamagetsi. Mukapeza Shuffle yogwiritsidwapo kale, dziwani zinthu ziwiri musanapereke ndalama: batire lake lakalamba ndipo kulisintha n'kovuta, komanso simungangokokeramo nyimbo ngati mu flashi, imafuna pulogalamu ya Apple pa kompyuta ndi kachingwe kakekake kolowa pa kabowo ka mahedifoni.

Mfundo yanga ndi imodzi: ka MP3 kabwino ndi kamene simukayang'ana n'komwe mukayamba kuthamanga. Ntchito yonse imagwiridwa patebulo, dzulo lake. Amene amadandaula kuti tizipangizo timeneti n'tovuta nthawi zambiri amakhala atadumpha ntchito ya patebuloyo.

Pogula, yambani ndi mabatani. Akhale odina enieni, otumphuka moti chala chimawazindikira muli maso kutsogolo. Sikirini yogwira ndi chala imasokonezeka ikanyowa thukuta, ndipo malaya onyowa amatha kuidina okha n'kumadumphitsa nyimbo. Onani ngati pali batani lokhoma, lija loletsa mabatani ena kugwira ntchito. Panani chopaniracho pa kolala n'kukoka pang'ono. Chikachoka mosavuta m'shopu, pamsewu sichidzatha kilomita. Zopanira za pulasitiki yopyapyala zimathyoka pamene pali sipuling'i, makamaka mukamazipana pa lamba wokhuthala. Funsaninso ngati kamakumbukira pamene munalekezera, chifukwa kena kamabwerera ku nyimbo yoyamba nthawi iliyonse mukakazimitsa, ndipo pakatha sabata nyimbo imeneyo mudzadana nayo.

Pa bokosi yang'anani zilembo za IP. IPX4 ndi chipangizo chopirira madontho ndi thukuta, IPX5 chimapirira madzi opopera, IPX7 chikhoza kumira mita imodzi kwa mphindi 30, ndipo IPX8 chimapitirira apo malinga ndi zimene wopanga wanena. Kwa wothamanga kapena wa ku jimu, IPX4 kapena IPX5 n'zokwanira. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mayeso amenewa amachitika ndi madzi abwino, pomwe thukuta lili ndi mchere, ndipo mchere ndi umene umadya tizitsulo ta pa kabowo ka mahedifoni ndi ka tchaja. Kachipangizo kolembedwa IPX7 kakhoza kufa ndi thukuta la miyezi itatu ngati simukapukuta. Kopanda chizindikiro chilichonse kamagwirabe ntchito, bola mukapane kunja kwa malaya, kabowo ka mahedifoni kataloza pansi kuti thukuta lotsika ndi chingwe lisatsirikire m'kati, ndipo mvula ikayamba mukakulunge mu kajumbo.

Za kukula kwa malo musadere nazo nkhawa. Nyimbo ya MP3 ya 128 kbps (nambalayi ikakwera, mawu amamveka bwino koma fayilo imakula) imadya pafupifupi 1MB pa mphindi, ya 192 kbps imadya 1.4MB, ya 320 kbps imadya 2.4MB. Ndiye kuti 8GB imanyamula nyimbo za mphindi zinayizinayi zoposa 1,200 pa 192 kbps. Pamsewu, ndi mphepo ndi phokoso la mapazi, khutu silisiyanitsa 192 ndi 320, choncho musadzaze malo pachabe. Ndipotu nyimbo 100 zosankhidwa bwino zimaposa 1,000 zongotayiramo, chifukwa nyimbo iliyonse yolakwika imakutumizani dzanja pa batani.

Vuto lenileni lili pa memori zabodza. Memori yolembedwa 64GB koma yogulitsidwa pa mtengo wa 8GB nthawi zambiri imakhala yaing'ono imene anaikonza kuti inamize kompyuta. Nyimbo zoyambirira zimalowa bwinobwino. Malo enieni akadzaza, zotsatira zimaoneka maina okha koma siziimba, kapena zimafufuta zakale. Pulogalamu yaulere ya H2testw imalemba memori yonse n'kuiwerenganso, ndipo imaulula kukula kwake kwenikweni. Ngakhale memori itakhala yeniyeni, tima MP3 tambiri timawerenga mpaka 32GB yokha, yokonzedwa mwa FAT32, njira yakale yosanjira mafayilo pa memori. Memori za 64GB kupita m'mwamba zimabwera zili mwa njira yatsopano ya exFAT, ndipo kachipangizo kakale kamangoti mulibe kanthu. Gulani ya 16GB kapena 32GB, muifomatire m'kachipangizo momwemo ngati kali ndi njira yotero.

Mtundu wa fayilo nawo umagwetsa ambiri. Mawu ojambulidwa pa WhatsApp amakhala a opus, nyimbo zina zochokera pa intaneti zimakhala m4a, ndipo tizipangizo totchipa timangodziwa MP3 ndi WAV, mwina ndi WMA. Kusintha dzina la fayilo kuti lithere ndi mp3 sikusintha zam'kati. Pamafunika kuitembenuza ndi pulogalamu ngati VLC kapena Audacity. Nyimbo zimene munatsitsa mu Spotify n'zokhomedwa, zimaimba mu pulogalamu yake yokha, choncho musavutike kuzifufuza m'mafoda a foni. Gulani nyimbo kwa eni ake kapena m'malo ovomerezeka. Woimba amene akukukokerani pamtunda uja nayenso amadya.

Ndiye pali nkhani ya ndondomeko. Mwakonza nyimbo motsatana bwino pa kompyuta, koma kachipangizo kakuimba mosokoneza ngakhale simunasankhe zosakaniza. Chifukwa chake n'chakuti tambiri totchipa sitiyang'ana maina, timatsata mmene mafayilo analowera pa memori. Konzani motere: patsani nyimbo manambala 01, 02, 03 mpaka kumapeto, osati 1, 2, 3, chifukwa apo 10 imabwera patsogolo pa 2. Pangani foda yatsopano pa memori, mukoperemo nyimbozo motsatana, zingapozingapo kapena imodziimodzi. Mukadzawonjezera ina pakati, fufutani foda yonse n'kukoperanso. Tizipangizo tina timatsata zolembedwa m'kati mwa fayilo, dzina la chimbale ndi nambala ya nyimbo. Pa timeneti tsegulani pulogalamu ya Mp3tag, nyimbo zonse za tsikulo muzipatse dzina limodzi la chimbale, monga "Kuthamanga 40", ndi manambala otsatana.

Musanazikopere, linganizani kukwera kwa mawu. Nyimbo zakale zojambulidwa kuchokera pa kaseti zimamveka pansi, zatsopano zimaboola m'khutu. Mukakweza voliyumu chifukwa cha yakale, yotsatira imakuphulikirani. Pulogalamu ya MP3Gain imalinganiza zonse popanda kuwononga kamvekedwe. Isiyeni pa 89 imene imabwera nayo.

Pamene pafunika kudekha kwambiri ndi pa liwiro la nyimbo. Miyendo imakonda kutsata biti, ndipo nyimbo yogwirizana ndi masitepe imachititsa kuti kutopa kusamveke msanga. Costas Karageorghis wa ku Brunel University ku London wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo chimodzi mwa zimene zimatuluka n'chakuti anthu ochita masewera a mphamvu yapakatikati amakonda nyimbo zogunda kuyambira 120 mpaka 140 pa mphindi. Chinanso n'chakuti nyimbo imathandiza kwambiri pa liwiro lochepa ndi lapakati. Mukafika powefuka kotheratu, thupi limalankhula mokweza kuposa nyimbo iliyonse. Katswiri wothamanga wa ku Ethiopia, Haile Gebrselassie, ataphwanya rekodi ya mamita 2,000 ya m'bwalo lofoleredwa ku Birmingham mu 1998, m'bwalomo munkaimba nyimbo imene iye anapempha chifukwa biti yake inkagwirizana ndi mapazi ake.

Choyamba dziwani masitepe anu. Muli pa liwiro lanu la masiku onse, werengani kangati phazi lamanja lagunda pansi m'masekondi 30, muchulukitse ndi 4. Likagunda ka 40, ndiye kuti mumaponda ka 160 pa mphindi. Othamanga ambiri ongolimbitsa thupi amakhala pakati pa 150 ndi 170. Nambala ya 180 imene imatchulidwatchulidwa inachokera kwa mphunzitsi Jack Daniels, amene anawerenga masitepe a akatswiri pa Olympics ya mu 1984. Imeneyo ndi ya akatswiri ali pa mpikisano, si lamulo la munthu aliyense. Mukafuna kufupikitsa sitepe kuti mawondo apepukidwe, onjezerani 5 peresenti yokha, kuchoka pa 160 kufika pa 168, ndipo mukhale pamenepo masabata angapo.

Kenako yezani nyimbo. Gogodani chala patebulo motsata biti kwa masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Apa pali chinsinsi chimene chimatsegula nyimbo zambiri zimene muli nazo kale: nyimbo yogunda 80 pa mphindi imagwira ntchito ngati ya 160, chifukwa mumaponda kawiri pa biti iliyonse. Ndiye kuti reggae ndi hip hop, zimene zambiri zimagunda kuyambira 75 mpaka 95 ndipo anthu amaziona ngati zozizira, zimakhala zothamangira zabwino kwambiri. Amapiano, yogunda cha m'ma 110 mpaka 115, imakwana bwino pa kuyenda kwa ndawala ndi pa kutenthetsa thupi, koma pothamanga imasokoneza: kuponda kamodzi pa biti n'kochedwa, kawiri n'kosatheka. House ya 120 mpaka 128 ndi ya majowajowa, kudumpha chingwe mosathamanga ndi njinga ya mu jimu. Nyimbo zauzimu za kwaya zimalimbikitsa mtima, koma zina zimasintha liwiro pakati, choncho ziyezeni koyambirira ndi chakumapeto komwe.

Nyimbo imene mumaikonda ikaphonya pang'ono, itsegulani mu Audacity n'kugwiritsa ntchito Change Tempo, imene imasintha liwiro osasintha mawu a woimba. Kusintha kwa 3 mpaka 5 peresenti khutu silimva. Mukapitirira 10 ng'oma zimayamba kumveka ngati zikunjenjemera.

Ulendo wa mphindi 40 mukhoza kuumanga chonchi. Nyimbo ziwiri zoyamba, pafupifupi mphindi 8, zikhale za 100 mpaka 115 zoyendera ndi kuyamba kutakasa miyendo. Musaike nyimbo yamphamvu koyambirira, chifukwa imakuthamangitsani minofu ikadali yozizira, ndipo pa mphindi 15 mumakhala mwatha kale. Pakati paikeni nyimbo zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri za liwiro la masitepe anu. Ziwiri zimene mumazikonda koposa zisungireni cha pa mphindi 25 mpaka 32, pamene mtima umayamba kunena kuti basi kwakwana. Zomaliza ziwiri zikhale zotsika, zoyendera mpaka mpweya utabwerera. Mukatero, nyimbo zimakhala wotchi yanu: yachisanu ikatha mumadziwa kuti yakwana nthawi yotembenuka kubwerera kunyumba.

Pa masewera osinthasintha liwiro, pangani fayilo imodzi yaitali mu Audacity: mphindi imodzi ya nyimbo yothamanga, mphindi ziwiri za nyimbo yodekha, mubwereze ka 8, ndipo pa malire aliwonse muikepo kabelu kakafupi kapena mawu anu omwe ojambula akuti "tiyeni" ndi "pumulani". Tsiku limenelo zimitsani zosakaniza. Anthu ambiri amazolowera nyimbo pakatha masabata angapo n'kusiya kuimva mphamvu, choncho khalani ndi mafoda atatu osinthanitsa, ndipo nyimbo zothamangira musamazimvere kunyumba kapena mu minibasi.

Tsopano makutu, ndipo apa ndikupemphani mumve bwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu akhoza kumvera mawu a madesibelo (muyeso wa kukwera kwa mawu) 80 kwa maola 40 pa sabata popanda chiopsezo chachikulu. Pa 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4, pa 100 imatsala mphindi 20 zokha pa sabata yonse, ndipo tima MP3 tambiri timafika pa 100 mukakweza mpaka kumapeto. Tiziwalo ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso. Choopsa pothamanga n'chakuti mphepo, galimoto ndi masipika a mu jimu zimakukakamizani kukweza pang'onopang'ono osazindikira. Ikani voliyumu muli m'nyumba mwachete, isapitirire 60 peresenti, mukhome mabatani, ndipo pamsewu musaigwirenso. Mukavula mahedifoni n'kumva makutu akulira kapena mawu a anthu akumveka ngati ali kutali, munakweza kwambiri. Zikapitirira mpaka tsiku lotsatira, pitani kuchipatala.

Mu jimu, mahedifoni otseka khutu bwino ndi amene amateteza, chifukwa phokoso lakunja likachepa simufunikanso kukweza. Yesani timalabala tonse titatu tolowa m'khutu timene timabwera m'bokosi la mahedifoni. Nthawi zina khutu lamanja limafuna kakulu, lamanzere kapakati. Kalabala kakakhala kakang'ono, besi imasowa ndipo thukuta likalowa kamaterereka n'kugwa.

Pamsewu nkhani imatembenuka, kutseka makutu onse awiri n'kudziika pangozi. Misewu yathu yambiri ilibe njira ya oyenda pansi, ndipo wa kabaza wa njinga yakapalasa samveka mpaka atakufikani. Ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe, ku South Africa ndi ku Britain galimoto zimayenda kumanzere, choncho thamangani m'mphepete mwa kumanja, moyang'anizana ndi zimene zikubwera. Mukatero msewu umakhala kumanzere kwanu, ndiye khutu lamanzere likhale lotsegula, nyimbo ikhale kumanja. Vuto la khutu limodzi n'lakuti zida zina ndi mawu ena anaziika mbali imodzi yokha pojambula, choncho nyimbo imamveka yoperewera. Audacity ili ndi njira yophatikiza mbali ziwirizo kukhala mono, ndipo foda ya pamsewu iyenera kukhala yotero. Mahedifoni odutsitsa mawu m'mafupa a patsaya, ngati a Shokz, amasiya makutu onse otsegula. Besi yake ndi yochepa ndipo mtengo wake ndi wokwera, koma kwa wothamanga pamsewu tsiku ndi tsiku ndi ndalama yopita pabwino. Kukada, kapena njira ikakhala yakutchire yopanda anthu, nyimbo zimitsani. Wopalasa njinga pamsewu wa galimoto asavale chilichonse m'makutu. Ndipo musanalembetse mpikisano werengani malamulo ake: ku Britain, kuyambira mu 2016, mahedifoni otseka khutu ndi oletsedwa pa mipikisano ya m'misewu ing'onoing'ono imene galimoto zikudutsabe, ndipo mipikisano yambiri ya ku South Africa nayo imawaletsa.

Chingwe chidutse m'kati mwa malaya, chitulukire pa kolala kumbuyo, musiye kotakasuka pang'ono kuti khosi litembenuke. Chikamalendewera kutsogolo chimagunda pachifuwa, ndipo kugundako kumamveka m'khutu ngati ng'oma yachiwiri. Mu jimu chimakola pa chitsulo chonyamula. Chingwe chimaduka m'kati pafupi ndi pulagi, ndipo chizindikiro chake ndi khutu limodzi kumazimazima mukachigwedeza. Pulagi yopindika ngati L imakhalitsa kuposa yowongoka, ndipo musamakulunge chingwe mothina kuzungulira kachipangizo pulagi ili momwemo. Mahedifoni a foni okhala ndi maikolofoni ali ndi mizere itatu pa pulagi m'malo mwa iwiri. Pa tima MP3 tina mawu a woimba amasowa n'kutsala zida zokha, ndipo mankhwala ake ndi kupeza a mizere iwiri. Nyengo youma, pa makina othamangira a mu jimu, mukhoza kumva kulasa pang'ono m'khutu. Ndi magetsi amene thupi launjika pokhulana ndi lamba ndi zovala za nayiloni, si kachipangizo kawonongeka. Kugwira chitsulo cha makinawo kawirikawiri kumawatsitsa.

Bluetooth imachotsa chingwe koma imabweretsa zake. Mafunde ake salowa bwino m'madzi, ndipo thupi la munthu ndi madzi ambiri, choncho ka MP3 kakakhala m'chiuno kumbuyo nyimbo imadukaduka, makamaka pabwalo lopanda makoma obweza mafundewo. Kapaneni pa kolala kapena pamkono. Batire limathanso msanga kuposa pa chingwe, ndipo wailesi ya FM siigwira chifukwa chingwe chija ndicho chimakhala mlongoti wake. Popeza mafunde a Bluetooth salowa bwino m'madzi, wosambira amafunika chipangizo chosunga nyimbo m'kati mwake momwe, monga Walkman yovala m'mutu ija kapena Shokz OpenSwim, ndipo akatuluka achitsuke ndi madzi abwino.

Mukafika kunyumba musaponye kachipangizo m'chikwama limodzi ndi malaya onyowa. Zulani pulagi, pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono kenako kouma, mukasiye pamthunzi podutsa mphepo kwa ola limodzi musanakatchaje. Kutchaja kabowo kali konyowa ndi kumene kumabweretsa zobiriwira zija pa tizitsulo. Zikayamba kuoneka, nyowetsani kathonje ndi sipiriti n'kupukuta kachipangizo kali kozima. Fumbi la mu October limadzaza kabowo ka mahedifoni mpaka pulagi osafika kumapeto. Litoleni ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano. Timalabala tivuleni kamodzi pa sabata, mutitsuke ndi sopo n'kutiumitsa, ndipo kasefa ka pakamwa pa hedifoni kapukuteni ndi mswachi wouma katayang'ana pansi. Hedifoni imene yayamba kumveka pansi mbali imodzi nthawi zambiri siinafe, yangotsekeka ndi phula la m'khutu. Ka MP3 kakagwera m'madzi, kazimitseni pomwepo, chotsani memori, mukasiye masiku awiri pouma. Mpunga sukoka madzi a m'kati, umangowonjezera fumbi.

Batire la lithiamu limadana ndi kutentha komanso kukhala lopanda moto nthawi yaitali. Kachipangizoko musakasiye pa dashibodi ya galimoto padzuwa, ndipo mukafuna kukasunga miyezi ingapo kasiyeni ndi moto wa theka n'kumakatchaja mwa apo ndi apo. Magetsi akazima, pawabanki imakadzaza kambirimbiri, ngakhale mapawabanki ena amazima okha chifukwa kachipangizo kamakoka moto wochepa kwambiri moti amaganiza kuti palibe cholumikizidwa. Ena ali ndi njira ya moto wochepa imene imayatsidwa podina batani kawiri. Tina totchipa tokhala ndi USB-C timakana chingwe cha C mbali zonse ziwiri koma timalola cha USB yaikulu mbali imodzi, choncho yesani chingwe china musanagamule kuti kafa. Kachipangizoko kakayamba kutukumuka kapena sikirini kunyamuka, batire latupa. Lekani kukatchaja ndipo musakavalenso pathupi.

Kakauma osayankha batani lililonse, dinani batani loyatsira kwa masekondi 20, kapena lowetsani kawaya pa kabowo kolembedwa reset ngati kalipo. Kakamauma pa nyimbo imodzimodzi, fayilo imeneyo ndiyo yawonongeka kapena ili ndi chithunzi chachikulu cha chimbale chimene kachipangizo kakulephera kutsegula; chotsani chithunzicho mu Mp3tag. Mafayilo ambiri amawonongeka chifukwa chozula chingwe pa kompyuta kukopera kusanathe, choncho dinani Eject kaye n'kudikira uthenga. Mafoda anu onse, ndi manambala ake ndi mawu olinganizidwa kale, asungeninso pa kompyuta kapena pa flashi, kuti memori ikadzafa mudzangofomata ina n'kukopera mphindi khumi zokha.